Mwana wanu wayamba masewera: zoti inuyo kholo muchite, makamaka tsiku lomwe waluza

Funso ili ndalimva mokwanira. Gemu ikangotha kholo lina limandikokera pambali, pena ndi uthenga wa usiku pa WhatsApp, "Akochi, mwana wangayu akuoneka kuti luso ali nalo, nde ndimuthandize bwanji?" Ena amafunsa mozungulira, amati akufuna masewera amuphunzitse mwambo poti pakhomo sakumva. Ndatopa kuyankha munthu mmodzimmodzi, ndalemba kamodzi pano, amene afunsenso ndizingomutumizira izi basi.

Ndiyambe ndi chomwe ambiri safuna kumva. Masewera paokha sapanga khalidwe. Mpira womwewo umene umaphunzitsa mwana wina kupirira ndi umenenso umaphunzitsa mnzake kudzigwetsa dala kuti apeze penate, kutukwana refa komanso kuloza anzake chala timu ikaluza. Chimasiyanitsa ndi akuluakulu amene amuzungulira, ndipo kochi amakhala naye maola ochepa chabe pa sabata, nthawi yotsalayo ali ndi inu. Zitsanzo zanga zambiri zikhala za mpira wamiyendo poti ndi umene ndimaudziwa bwino, koma kaya mwana wanu ndi wa netibo, wothamanga, wosambira kapena wa tenisi, nkhani ndi yomweyi.

1. Dziwani kaye kuti masewerawa ndi a ndani

Mufunseni mwanayo chomwe chimamusangalatsa kumeneko, ndipo akayankha musamukonzere yankho. Wazaka 8 nthawi zambiri amati "anzanga" kapena "kugoletsa" kapena kungoti "zimandisangalatsa", ameneyo ali bwinobwino. Kenako dzifunseni nokha chomwe mukufuna. Ngati mumtima muli zoti mwanayu adzamalize zomwe inu munalephera bondo litakuvutani, kapena adzatulutse banja lonse mu umphawi, dziwani kuti iye amazimva olo simunazilankhule, ndipo katundu ameneyo ndi wolemera kwa mwana woti zingwe za nsapato amamangabe movutikira.

2. Msiyeni alawe masewera angapo

Apa makolo okonda ana awo ndi amene amalakwitsa kwambiri. Aona kaluso ali ndi zaka 7, basi mpira wokhawokha chaka chonse, zina zonse akuti zikumutayitsa nthawi. Katswiri wina wa ku Canada, Jean Côté, anagawa kakulidwe ka osewera m'magawo atatu: zaka 6 mpaka 12 mwana azilawa masewera osiyanasiyana komanso kumangosewera ndi anzake popanda wamkulu wowaimbira wezulo, 13 mpaka 15 ayambe kuchepetsa n'kutsala ndi amodzi kapena awiri, kuyambira 16 ndi pomwe angaike mtima wonse pa amodzi. Roger Federer ali mwana ankasewera mpira wamiyendo, basiketibo ndi badiminitoni, tenisi anadzaisankha pafupifupi ali ndi zaka 12. Erling Haaland, katswiri wa mpira wamiyendo, ali mwana anasewerako mpira wogoletsa ndi manja wotchedwa handball ndi masewera othamanga ndi kudumpha. Kwawo kwa Haaland ku Norway anakhazikitsa malamulo a masewera a ana mu 1987, ana osakwana zaka 11 saikidwa pa mndandanda woti uyu nambala 1 uyu nambala 2, ndipo mpikisano wa dziko lonse salowa asanafike 13. Dziko la anthu 5 miliyoni ndi kanthu limeneli linatenga mamendulo 39 pa Olimpiki ya nyengo yozizira ya 2018, kuposa maiko ena onse. Sindikuti malamulowo okha ndi amene anabweretsa mamendulo, koma zikuonetsa kuti kusathamangira sikupha luso.

Pali masewera ochepa ngati jiminasitiki omwe amayambidwa molawirira poti osewera amafika pachimake ali achichepere. Ambiri otsalawo mulibe chothamangira.

3. Sankhani kochi, dzina la timu lisakutengeni

Musanalembetse mwana pitani mukaonere tirening, osati gemu. Pa gemu aliyense amadzigwira poti pali anthu. Pa tirening yang'anani zinthu izi: mwana akalakwitsa kochi amatani, ana ofooka amagwira mpira kangati, kodi ana akuseka kapena onse ali chete ngati akudikira chilango, nanga amawadziwa maina kapena ndi "iwe wa jezi yofiira". Kochi amene amalanga ana aang'ono powathamangitsa mozungulira giraundi chifukwa aluza akuwaphunzitsa kuti kuthamanga ndi chilango, mwana woteroyo akadzakula sadzafuna kuthamanganso. Ndipo timu ya ana azaka 10 yomwe imawina makapu onse kawirikawiri imangokhala ndi ana awiri atatu akuluakulu matupi, sikuti kuli maphunziro apadera.

Mawu oti akademi asakuopseni kapena kukusangalatsani. Akademi yeniyeni ndi malo ophunzitsira ana masewera mwadongosolo, magulu ogawidwa potengera zaka, makochi oti anaphunzira ntchitoyo, komanso amafunsa za sukulu. Koma aliyense amene ali ndi mipira iwiri ndi wezulo atha kudzitcha akademi, nde funsani.

China chosasangalatsa koma ndichinene. Anthu ozunza ana amakonda malo omwe makolo amakhulupirira munthu mwachimbulimbuli. Larry Nassar, dokotala wa timu ya jiminasitiki ya America yemwe anagamulidwa mu 2018, anachitira nkhanza atsikana mazanamazana kwa zaka zambiri, ndipo ku England mu 2016 osewera akale anayamba kuulula zomwe kochi Barry Bennell anawachita ali anyamata. Choncho ndi ana aakazi ndi aamuna omwe. Lamulo langa ndi losavuta: wamkulu asakhale yekha ndi mwana m'chipinda chotseka kapena m'galimoto, mauthenga a pafoni azidzera kwa kholo kapena pa gulu, ndipo mwana adziwe kuti palibe chinsinsi cha iye ndi kochi chomwe amayi kapena abambo sangamve. Kochi wabwino izi sizimukhumudwitsa, amene wakwiya nazo mwapeza yankho.

4. Thupi la mwana likukula, lisamaleni

Bungwe la WHO limati ana azaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa thupi mphindi 60 tsiku lililonse, nde kusewera n'kofunika, vuto ndi kubwereza chinthu chimodzimodzi mopyola. Kalamulo kothandiza komwe madokotala a zamasewera amapereka ndi koti maola a tirening ndi magemu pa sabata asapose zaka za mwanayo, wazaka 10 asapyole maola 10, apumeko tsiku limodzi kapena awiri pa sabata, komanso pa chaka pakhale miyezi iwiri kapena itatu yomwe wasiyako masewera ake aja, olo isakhale yondondozana. Tulo: wazaka 6 mpaka 12 amafunika maola 9 mpaka 12, wazaka 13 mpaka 18 maola 8 mpaka 10, ndipo foni pansi pa pilo ndi imene imadya maola amenewa.

Mafupa a mwana kumapeto kwake amakhala ndi malo ofewa pomwe amakulira, ndi chifukwa chake ululu wa mwana si wongouza kuti limba mtima. Akamadandaula pansi pa bondo pomwe pali kafupa kotukuka, makamaka nthawi yomwe akutalika mofulumira, kawirikawiri ndi vuto lotchedwa Osgood-Schlatter, akamadandaula chidendene ndi lotchedwa Sever. Onsewa amatha akakula koma amafuna kuchepetsa kuthamanga ndi kudumpha, apite akamuone kuchipatala. Mwana amene akutsimphina asasewere, olo ikhale fainolo.

Akagundidwa m'mutu n'kumamva chizungulire, mutu kupweteka, nseru, kuona zinthu ziwiriziwiri kapena kuiwala zomwe zachitika, atuluke pompo ndipo tsiku limenelo asabwererenso, sikuti mpaka akomoke ndi pomwe ubongo wagwedezeka. Ku America kuyambira 2015 ana azaka 10 kutsika saloledwa kumenya mpira ndi mutu, ku England mu 2020 anachotsa zimenezi pa tirening ya ana a pulayimale. Ndipo amayi, mtsikana amene anayamba kale kusamba ndiye msambo wasiya miyezi ingapo chifukwa cha tirening, musamve zoti ndi mmene zimakhalira kwa osewera, nthawi zambiri thupi likulandira chakudya chochepa poyerekeza ndi ntchito yomwe likugwira ndipo mafupa amafooka nazo.

5. Chikwama ndi chake

Khalidwe lomwe mukulifunalo limayambira apa, pa zinthu zosaoneka bwino pa chithunzi. Kuyambira zaka 8 kapena 9 azilongedza yekha, jezi, masokosi, botolo la madzi, azichapa yekha nsapato zake. Akaiwala zotchingira miyendo musathamange kubwerera kunyumba, akafotokoze yekha kwa kochi. Akasiya nsapato zamatope m'chikwama sabata yonse n'kudzazitulutsa zitauma gwaa, zikununkha, kumapazi kukumuluma, azivala choncho, kawiri sadzabwereza. Nthawi yofika ndi yake kuisunga. Tsiku lomwe sangapite, akangofika zaka 12 azimudziwitsa yekha kochi. Homuweki isanathe palibe tirening, koma mugwirizane zimenezi sizoni isanayambe, osati kudzamuletsa m'mawa wa gemu anzake akumudalira, pamenepo mwalanga timu yonse.

6. Pa giraundi, kamwa yanu

Chemererani, ombani m'manja, koma osaphunzitsa. "Menya!" "Patsira!" "Bwerera!" pamene kochi wamuuza zina, mwana amangosokonezeka, ndipo amasiya kuganiza yekha. Mukafuna kudziwa ngati mwapyola malire muyang'aneni akalakwitsa. Mwana womasuka akataya mpira amathamangira kukaulanda. Mwana woopa akataya mpira amayamba watembenuka kuyang'ana komwe mwaima, kamphindi kochepa chabe, kenako ndi pomwe amathamanga. Mukaona kutembenuka kumeneko dziwani kuti akusewera magemu awiri, ina ndi ya pankhope panu.

Refa musamutukwane, pa magemu a ana nthawi zambiri amakhala wachinyamata woti akuphunzira kumene, ndipo mwana wanu akuonera mmene munthu amachitira akaona kuti wamulakwira. Mwana wa timu inayo akachita zabwino muombereni m'manja, paja mwana wa mnzako ndi wako yemwe.

7. Gemu yatha, waluza, kapena sanalowe n'komwe

Apa ndi pomwe ndimafuna tikhalitsepo chifukwa zonse zapamwambazo munthu atha kuzichita popanda kuvutika mumtima, izi ayi.

Tiyerekeze mwana wanu ndi goloboyi, mpira wophweka wamudutsa pakati pa miyendo mphindi zomaliza. Akubwera kwa inu wazyolika, magolovesi sanavule, akukoka chikwama pansi. Inuyo mumtima mwadzaza kale mawu, mwaona zonse zomwe walakwitsa ndipo mukufuna kumuthandiza. Musanene. Ulendo wobwerera kunyumba si nthawi yophunzitsa, mwanayo akudziwa kale zomwe zachitika kuposa inu, anali pomwepo. Mupatseni madzi, muuzeni kuti munasangalala kumuonera akusewera, basi. Akafuna kukhala chete khalani chete limodzi, akalira alire. Komanso musathamangire kumunamiza, "aaa palibe vuto, wasewera bwino kwambiri", akudziwa kuti si zoona ndipo mawa mukadzamuyamikira zenizeni sadzakukhulupirirani. Ndipo chachikulu, musamupezere womunamizira, refa, giraundi yoipa, madifenda ogona. Mukatero ululu umachoka msanga koma phunziro limachoka nawo limodzi, mwana amakula akudziwa kuti chikalakwika chilichonse pali winawake wochititsa.

Dikirani agone, mawa lake kapena iye akayambitsa yekha, mufunse mafunso m'malo mopereka chigamulo. Unamva bwanji? Chinayenda bwino ndi chani? Ukufuna ukayesere chani pa tirening? Akayankha "kaya" musakakamize, mudzafunsanso.

Yang'aniraninso nkhope yanu masiku owina ndi masiku oluza. Ngati akawina m'nyumba muli nthabwala ndi mafoni kwa achibale koma akaluza mumangoyenda patsogolo osalankhula, mwanayo amawerenga kuti chikondi chimayendera zigoli. Palibe kholo lomwe limafuna kunena zimenezo koma ambiri amazinena ndi nkhope.

Poyamikira, yamikirani zomwe angathe kubwereza. Mu 1998 akatswiri ofufuza Claudia Mueller ndi Carol Dweck anapatsa ana a sukulu mafunso, ena anawayamikira kuti ndi anzeru, ena kuti alimbikira. Atawapatsa ovuta, oyamikiridwa nzeru aja ndi amene anagwa ulesi msanga, ankasankha zophweka, ena mpaka ananama za mamalikisi awo. Sanali masewera koma pa giraundi ndimaziona zomwezo, mwana amene amangouzidwa kuti ndi sitala amaopa kuyesa mwendo wamanzere poti angaoneke wamba. M'malo mwa "ndiwe katswiri" nenani chomwe munaona, "utataya mpira uja unabwerera mpaka kumbuyo kukathandiza".

Nanga akamakhala pa benchi, ndiye kuti wavala jezi koma sakulowa kapena akulowa mphindi zisanu zomaliza? Kwa ana osakwana zaka 12 aliyense ayenera kusewera nthawi yooneka, ngati sizoni yonse mwana wazaka 9 amangotenthetsa benchi vuto ndi timuyo, musamutseni. Koma wazaka 13 kupita m'tsogolo, amene akafunse kochi ndi iyeyo osati inu. Muthandizeni kukonza funso kunyumba, myeserere limodzi ngati akuchita mantha: "Akochi, ndikonze chani kuti ndizilowa?" Mawu ake adzanjenjemera, mwina adzaiwala theka, zilibe kanthu, mwana amene waima pamaso pa wamkulu n'kufunsa funso lovuta mwaulemu waphunzira chinthu chomwe chidzamuthandize ku ntchito ndi m'banja kuposa chigoli chilichonse. Inu mulowererepo pokhapokha pali kunyozedwa, kumenyedwa, kuseweretsedwa atavulala kapena zokayikitsa zija ndanena. Ndipo ngati mukuyenera kulankhula ndi kochi, lisakhale tsiku la gemu, pagone kaye.

Akasiyidwa pa matrayalo, uku ndi kuyesedwa kuti asankhe olowa timu, dziwani kuti osankhawo amaona za lero. Mu 1985 katswiri wofufuza Roger Barnsley ndi anzake anaonetsa kuti mu hoke ya pa ayezi ku Canada osewera ambiri apamwamba anabadwa miyezi yoyambirira ya chaka, chifukwa pa gulu la zaka zofanana wobadwa January amaposa wobadwa December pafupifupi chaka chathunthu, amaoneka wamkulu ndi wamphamvu, amasankhidwa, amalandira tirening yabwino, kusiyana n'kumakulirakulira. Mu mpira wamiyendo anazipezanso. Harry Kane anasiyidwa ndi Arsenal ali kamnyamata, mu 2023 anakhala wogoletsa zigoli zambiri kuposa wina aliyense mu mbiri ya timu ya England. Jamie Vardy anasiyidwa ndi Sheffield Wednesday ali ndi zaka 16, anakasewera timu zazing'ono, mu 2016 anatenga ligi ndi Leicester City. Koma nkhanizi musamuuze tsiku lomwelo ndipo musazisandutse lonjezo, ana ambiri koposa olowa ma akademi a ku England sadzasewerako ndi mphindi imodzi yomwe mu Premier League. Zimangotanthauza kuti chigamulo cha pa zaka 11 si chomaliza.

Pomaliza pa gawoli, "ndikufuna kusiya". Musakuwe, musawerengere ndalama zomwe mwawononga. Fufuzani kaye chifukwa, pakuti kusiya kuli mitundu. Ngati wanena atangoluza, dikirani sabata. Ngati watopa thupi, sakugona bwino, m'mimba mumamupweteka tsiku la tirening lokha, apume. Ngati akuopa munthu winawake, kochi kapena mnzake, atuluke lero lomwe ndipo mufufuze. Koma ngati kungoti zayamba kuvuta kapena mnzake wamulanda malo, ine ndimati amalize sizoni yomwe analonjeza poti anzake akumudalira, ikatha ali ndi ufulu wosankha, ndipo akasankha kusiya mulemekeze, asankhe china chogwedeza thupi. Ambiri akadziwa kuti khomo ndi lotsegula amakhalanso.

8. Zachinyengo zikadzagogoda

Zidzabwera ndithu ngati mwanayo ali ndi luso. Wina adzakuuzani kuti timuchotsereko zaka ziwiri asewere ndi aang'ono, aliyense amatero. Mukavomera mwamuphunzitsa kuti bodza ndi lololedwa likakhala ndi phindu, mwalanda malo a mwana wina, komanso iye mwini sakula pa luso poti akupambana ndi thupi chabe. FIFA inayamba kujambula mafupa a padzanja ndi makina a MRI kuti ione zaka zenizeni za osewera pa mpikisano wa dziko lonse wa osakwana zaka 17 mu 2009, ogwidwa manyazi amagwera mwanayo, amene anakonza mapepala amakhala ali phee kunyumba.

Winanso ndi ejenti wa suti yabwino amene akuti ali ndi matrayalo ku Europe, mungolipira ya ndege ndi ya viza. Malamulo a FIFA, gawo 19, amaletsa kusamutsa osewera osakwana zaka 18 kupita dziko lina kupatula pa zifukwa zochepa, monga makolo akasamuka pa nkhani zosakhudzana ndi mpira, ndipo matimu akuluakulu ngati Barcelona mu 2014 ndi Chelsea mu 2019 analangidwa pa nkhani yomweyi. Nde munthu akamalonjeza kutengera mwana wazaka 15 kunja payekha, mufunseni laisensi yake ya FIFA, mufunse kalata yochokera ku timuyo, kenako mulembere timuyo nokha kudzera pa adiresi yomwe ili pa webusaiti yawo osati nambala yomwe iye wakupatsani, mufunsenso ku bungwe loyendetsa mpira m'dziko lanu. Timu yeniyeni ikafuna mwana silipiritsa makolo kuti imuone. Pasipoti ya mwana isachoke m'manja mwanu, ndipo pepala lililonse lomwe akuti musaine lero lomwe poti mwayi uthawa, litengereni kunyumba akaliwerenge munthu wodziwa malamulo.